Kukwera phiri la Zomba wapansi mpaka ku Emperor's View osavutika

Anthu ambiri a ku Zomba konkuno phirili amangoliona tsiku ndi tsiku akamapita kumsika koma sanapondeko pamwamba pake, amati zimenezo ndi za azungu kapena za anthu amphamvu. Ayi abale anga, ulendo umenewu ngakhale ndi ana asukulu mukhoza kuyenda bwinobwino, bola mudziwe poyambira.

Ngati ndi koyamba musayambire m'tauni. Ilipo njira yachidule imene amati Potato Path, yochokera kumunsi kukatulukira cha ku hotela ya Ku Chawe, koma ndi chikweza chokhachokha moti mukamafika pamwamba mawondo amakhala atayamba kale kunjenjemera. Ndiye kwerani njinga yamoto kapena takisi pa msewu wa tala wokhotakhota uja mukatsikire pa hotela ya Ku Chawe, mukatero chitunda chachikulu mwachidula kale, kuchokera pamenepo phiri limakhala ngati lagona, kukwera pang'ono kutsika pang'ono basi. Mtengo mugwirizane musanakwere, komanso tengani nambala ya wanjingayo adzakutengeni pobwerera.

Pomwepo pamakhala anyamata operekeza alendo, tengani mmodzi musaumire ndalama imeneyo. Misewu ya m'nkhalangomo ndi yofanana kwambiri, ina ndi ya malole onyamula mitengo imangokathera pamalo odula matabwa, ndipo chifunga chikatsika simungadziwenso kumene mwachokera, netiweki nayo malo ena imasowa. Anyamatawa anakulira momwemo, tinjira tonse amatidziwa.

Nyamukani cha m'ma 7 koloko m'mawa chifukwa kupita ndi kubwerera ndi theka la tsiku mukamayenda mosathamanga. Poyamba mumadutsa pa damu la Mulunguzi, madzi amene tauni ya Zomba imamwa ndi omwewo, kenako mumatsata mtsinje wa Mulunguzi chokwera, kudutsa mathithi a Mandala ndi malo amene ankawetera nsomba za trout, mpaka kukafika pa mathithi a Williams. Ine gawo limeneli ndi limene limandibweza kuphiriko chaka ndi chaka. M'mbali mwa mtsinjemo mudakali mitengo yachilengedwe yaitali, mthunzi wake wozizirira ngati m'bandakucha ngakhale dzuwa litakwera, madzi akungosokosera pamiyala, mbalame, agulugufe, kenako mwadzidzidzi mwalowa m'munda wa paini pansi pali pofewa ndi masamba ake owuma aja, kafungo kake kosaiwalika. Musathamange apa. Pa Williams khalani pansi mudye kamba wanu, koma samalani miyala ya m'mbali mwa madzi ili ndi ndere imaterera zedi, ana muwagwire dzanja.

Mukachoka pamenepo ndi kachikweza ka pang'onopang'ono kudutsa pa damu laling'ono la Chagwa, ndiye mwafika m'mphepete mwa phiri pamene pali Queen's View ndi Emperor's View, malo awiriwa ndi oyandikana. Loyambalo linatchulidwa chifukwa cha amayi ake a Mfumukazi Elizabeth, mayiwo anabwera kuno mu 1957, linalo chifukwa cha Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, amene anafika mu 1965 nthawi imeneyo Zomba idakali likulu la dziko, paja likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975. Ukaima pamenepo tauni yonse ili pansi pa mapazi ako, nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi uko, ndipo kukayera bwino phiri la Mulanje limaoneka lonse lathunthu. Nsonga yayitali kuposa zonse ndi Malumbe, yopitirira mamita 2,000, imeneyo mudzapite tsiku lina miyendo ikazolowera.

Za nyengo, miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti, kumwamba kumakhala koyera, kungoti chiperoni chikabwera kumazizira koopsa ndiye juzi kapena jekete isatsale ngakhale m'tauni mukutentha. Kuyambira Seputembala utsi wa moto wolusa umaphimba chigwa simuona patali, nthawi ya mvula mathithi amadzadza mokongola koma njira ndi matope okhaokha. Valani nsapato zotseka zogwira pansi osati mapatapata, botolo la madzi aliyense lake, chinangwa chophika, mtedza, nthochi, zimenezo zikwana. Mukakumana ndi anyani musawaponyere chakudya, angodutsani.

Chimene chimandiwawa mtima ndi moto ndi zinyalala. Malo ena amene kale kunali mitengo yowirira lero ndi zitsa zokhazokha, ndiye chonde musakoleze moto m'nkhalangomo, ndudu musataye paudzu, mabotolo ndi majumbo mubwerere nazo m'chikwama, kumbukirani kuti chimene mwataya mumtsinjemo chikupita ku damu limene anthu akumwa.

Yambani kubwerera dzuwa lisanapendeke, pofika 2 koloko mukhale muli m'njira chifukwa m'mitengomo mdima umagwa msanga. Sungani kandalama kapadera, cha ku Ku Chawe kumakhala anthu ogulitsa masitiroberi ndi tizipatso tina ta m'phirimo, mugule mukatsuke bwino kunyumba musanadye.