Panelo ya sola musaigoneke pa malata

Anzanga a ku Makanjira, Malindi mpaka ku Monkey Bay, ndabweranso ndi nkhani ya sola ija chifukwa ndikumaona mapanelo ambiri angogonekedwa pa malata, kupsinja ndi njerwa basi, kenako eni ake nkumadandaula kuti batire siikudzadza, nyali za usipa zikuzima kusanache. Zimandiwawa poti ndalama yake si yamasewera.

Alimi mukudziwa kale kuti mbewu yomweyo ukadzala pamchenga wa kunyanja ndi kudimba sibereka mofanana. Tizipangizo togwira kuwala natonso timasintha malinga ndi pomwe tagona. Ku Manchester mu 2004 a Andre Geim ndi a Konstantin Novoselov anatha kuona graphene, kaboni wopyapyala ngati atomu imodzi yokha, chifukwa anamuika pa silikoni wokutidwa ndi okisaidi (kachikuto konga galasi) wa mananomita pafupifupi 300 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita), kuwala kumabwerera mosiyana pamenepo mpaka graphene uja nkuonekera pa maikulosikopu. Palinso perovskite, yopangira mapanelo a sola a mtundu wina, imene a Tsutomu Miyasaka a ku Japan anayesa mu 2009 nkumagwira 3.8% yokha ya mphamvu ya dzuwa, lero yadutsa 25%, koma vuto likadali pomwe yapakidwa, pa galasi ikatenthedwa imafutukuka kuposa galasilo ndiye zimakokana, pa pulasitiki chinyezi chimalowa mosavuta nkuiwononga.

Panelo zathu zapamsikazi zambiri ndi za silikoni koma nazo sizifuna kutentha kochokera pansi. Mawati olembedwa kumbuyo aja anayezedwa panelo ili pa madigiri 25, ikakwera digiri imodzi mumataya pafupifupi 0.4%. Ndiye taganizani Okutobala wa kuno ku Mangochi, lata lili psuu, panelo yafika 65, ya mawati 100 ija ikupatsani 84 kapena kucheperapo.

Chonde ikwezeni pa felemu yachitsulo kapena matabwa, pansi pakhale mpata wa masentimita 10 kapena kuposa kuti mphepo izidutsa. Iyang'ane kumpoto, yopendekeka madigiri 15 kuti mvula izitsuka fumbi. Kupukuta ndi m'mawa, kansalu kofewa ndi madzi oyera, osathira madzi ozizira masana galasi litatentha.

Panelo zopindika zapulasitiki zija nzabwino m'boti poti nzopepuka, koma zapanyumba ine ndimati gulani yagalasi, ndipo ngati muli nayo kale yopindikayo musaimate pa lata, ikhomereni pa felemu nayonso.