Kuphunzira ntchito ya toolmaker ku South Africa: malipiro ndi tsogolo lake

Toolmaker ndi mmisiri amene amapanga zikombole zachitsulo zodulira ndi kupindira malata pa makina opsinja otchedwa press, komanso zoumbira zinthu zapulasitiki. Ku South Africa ntchitoyi imapezeka kwambiri komwe kuli mafakitale a magalimoto: Toyota ku Durban, Volkswagen ku Kariega, BMW ku Rosslyn, Ford ku Silverton, ndi makampani ang'onoang'ono amene amawapangira zipangizo.

Yambani ndi mapepala. Mabwana ambiri amafuna N2 (satifiketi ya ku koleji ya ntchito zamanja) kapena Matric (satifiketi yomaliza sekondale) yokhala ndi masamu ndi sayansi. Ngati muli ndi MSCE ya kumudzi, kaiyeseni ku SAQA, bungwe loona mlingo wa masatifiketi, ndipo chilolezo chanu chokhalira m'dzikomo chikhale chokulolani kuphunzira kapena kugwira ntchito. Mukapeza malo, onetsetsani kuti kontrakiti yanu yalembetsedwa ku merSETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito za m'mafakitale. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Munthu amatha zaka akupala zitsulo, bwana akumutchula apprentice, koma dzina lake kulibe kulikonse. Wotereyu amayenera kudzera njira ya ARPL, yovomerezera luso limene munthu ali nalo kale, yomwe imafuna umboni wolembedwa wa ntchito zonse zimene anagwira. Choncho logbook yanu, buku lolembamo ntchito zimene mwaphunzira, isainidwe gawo lililonse likangotha, osadikira chaka chomaliza.

Maphunziro amatenga zaka 3 mpaka 4, ndipo mumalipidwa mukuphunzira. M'makampani a zitsulo, malipiro ochepetsetsa amakhazikitsidwa ndi MEIBC, bungwe la mabwana ndi antchito a m'makampaniwa, ndipo amakwera chaka ndi chaka. Chaka choyamba ndi zochepa, zongokwanira lendi ndi thiransipoti. Kusintha kwenikweni kumabwera mukakhoza trade test, mayeso omaliza a umisiri, ku INDLELA, malo a boma oyesera amisiri ku Olifantsfontein, kapena pamalo ena ovomerezeka, n'kulandira satifiketi ya Red Seal. Maovataimu ndi mashifiti a usiku amawonjezerapo ndithu.

Komatu a Red Seal salandira mofanana. Amene amalandira zambiri ndi amene amayang'ana chitsulo chotuluka pa press n'kudziwa chavuta. M'mphepete mukatuluka timano takuthwa, ndiye kuti punch (chitsulo chodulira) yabuntha kapena mpata pakati pa punch ndi die (chikombole chimene punch imalowamo) wakula. Pa lata lofewa la mamilimita 2, mpatawo umakhala pakati pa mamilimita 0.1 ndi 0.2 mbali iliyonse. Ukachepa kwambiri, punch imatha msanga ndipo imatha kubenthuka. Chitsulo cha D2, chopangira zikombole, amachilimbitsa ndi moto kufika pa 58 mpaka 62 HRC (muyeso wa kulimba kwa chitsulo), koma mukachedwa kuchibwezera mu uvuni kuti chifewe pang'ono, chimang'aluka, ntchito ya masabata n'kupita padera. Press ikaima, fakitale imataya ndalama mphindi iliyonse, n'chifukwa chake wodziwa kukonza samulola kupita wamba.

Pemphani nthawi pa makina a CNC (oyendetsedwa ndi kompyuta), wire EDM (odula chitsulo ndi waya wamagetsi) ndi mapulogalamu a CAD/CAM (ojambulira ndi kupangira zinthu pa kompyuta) mukadali wophunzira, chifukwa zikombole zambiri masiku ano zimagulidwa ku China, ndipo wongodziwa makina osemera chitsulo oyendetsa pamanja, a lathe ndi milling, amasowa pogwira. Ndi luso limeneli mungathe kukhala wojambula zikombole, woyang'anira toolroom (chipinda chopangira zikombole), kapena kutsegula shopu yanu yonola ndi kukonza zikombole za makampani ena.