Musanadzudzule feteleza, yezetsani kaye nthaka yanu

Chimanga chikafika m'mawondo, madandaulo a alimi ambiri kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje amafanana: feteleza wokulitsa anathira pa nthawi yake, kupalira anapalira, koma mbewu yapinimbira, masamba a m'munsi achita kufiirira ngati a mtundu wina. Mlandu umagwera wogulitsa feteleza. Nthawi zina amakhaladi wolakwa, koma m'minda yambiri ya katondo vuto limakhala pansi pa mzere. Nthaka yachita asidi, kapena tinene kuti yawawasa.

Kuwawasaku akatswiri amakuyeza ndi muyeso wotchedwa pH, womwe anauyambitsa katswiri wa kemisitiri wa ku Denmark, Søren Sørensen, mu 1909. Pa 7 ndiye pakatikati. Nambala ikamatsika, asidi akuchuluka, ndipo sachuluka pang'onopang'ono ayi: dothi la pH 5 lili ndi asidi wochuluka kakhumi kuposa la pH 6. Choncho mukalandira zotsatira, musapeputse kusiyana kwa nambala imodzi.

Maboma athu awiriwa amalandira mvula yambiri, kuphatikizapo chiperoni cha nyengo yozizira. Madzi akamalowa pansi chaka ndi chaka, amatsuka mchere wa kashiyamu ndi magineziyamu, womwe umachepetsa asidi m'nthaka. Feteleza wa nayitirojeni nayenso amawonjezera, makamaka sulphate of ammonia. Yureya amachita zomwezo koma mocheperako. Tiyi zimenezi amakondwa nazo, chifukwa amakula bwino pa pH ya pakati pa 4.5 ndi 5.5. N'chifukwa chake mapiri athu ali biliwiri ndi tiyi. Chinanazi, chinangwa ndi mbatata zimapirirako. Koma chimanga, nyemba ndi soya zimavutika pH ikatsika kupitirira 5.5.

Chomwe chimapha mbewu kwenikweni ndi aluminiyamu. Ameneyu ali m'dothi lathu mwachilengedwe, ndi yemweyo amene ali m'miyala ya bauxite ya pamwamba pa phiri la Mulanje cha ku Lichenya. Dothi likakhala bwino amangokhala phee, osavulaza kanthu. Asidi akachuluka amasungunuka n'kuyamba kuwononga nsonga za mizu. Zulani phesi limodzi lopinimbira muone: mizu imakhala yaifupi, yonenepa ndi yopanda timizu tating'ono tomwe timayamwa madzi. Mbewu yotere imafota msanga kukachita ng'amba ya masiku ochepa. Kuwonjezera apo, aluminiyamu ndi ayironi zimamanga fosifolasi wa mu feteleza wokulitsa uja kuti mizu isamupeze. Kufiira kwa masamba kuja kawirikawiri n'chizindikiro cha njala ya fosifolasi. Kuthira thumba lachiwiri pamalo otere kuli ngati kutunga madzi ndi dengu.

Maso okha sangakuuzeni pH. Mukatha kukolola, tengani khasu ndi ndowa yoyera ya pulasitiki, muyende mokhotakhota m'munda n'kumatapa dothi m'malo 10 mpaka 15, kuchokera pamwamba kufika masentimita 20 pansi. Pachulu, pomwe munawotcha zinyalala ndi pomwe panali khola, dumphani, pamenepo padzakunamizani. Sakanizani, yanikani pamthunzi, mutapeko theka la kilogalamu ndi kuika m'pepala la pulasitiki lolembedwa dzina lanu ndi mbewu yomwe mukufuna kubzala. Munda wa kumtunda ndi wa kudimba musauphatikize. Mlangizi wa dera lanu adzakuuzani kotumiza. Pafupi nafe pali malo a kafukufuku wa zaulimi a Bvumbwe, ndipo a tiyi ali ndi Tea Research Foundation ku Mimosa. Alimi a m'kalabu akatumiza pamodzi, ndalama yoyendera imachepa.

Ndinenepo pang'ono kwa makolo: amene amayeza dothi lanu m'malabotale amenewa ndi ana a anzathu omwe sanathawe kemisitiri ku sekondale. Maphunziro a nthaka alipo ku Bunda, kemisitiri ku University of Malawi ku Zomba, ndipo yunivesite ya sayansi ya MUST ili pakhomo pompano ku Ndata. Mwana wokonda sayansi mutengeni pokatapa dothi.

Zotsatira zikaonetsa asidi wambiri, mankhwala ake ndi laimu wa ulimi, womwe ndi mwala wa laimu wogayidwa. Ngati mungapeze wa dolomite ndi bwino koposa, chifukwa amabwezeretsanso magineziyamu. Laimu wopakira nyumba musagwiritse ntchito mwachisawawa, ngwaukali, amawotcha khungu ndi mbewu zomwe. Gwirani laimu wa ulimiyo ndi zala pogula: wosalala amagwira ntchito msanga, wamibulumibulu amatha zaka ali chikhalire. Kuchuluka kwake kumatengera zotsatira ndi mtundu wa dothi, ndipo kumatha kufika tani imodzi kapena kuposerapo pa hekitala, kutanthauza matumba 20 a makilogalamu 50. Kwa mlimi wa munda waung'ono n'zolemera, ndikudziwa. Yambani ndi kachigawo kamodzi chaka chino, kena chaka chamawa, kusiyana n'kuwaza kochepa munda wonse.

Laimu sasungunuka msanga, ndiponso satsika yekha pansi. Muwazeni miyezi iwiri kapena itatu musanabzale, nthawi yogalauza kapena youndira mizere, kuti asakanikirane ndi dothi pomwe mizu idzadutse. Valani chotchinga mphuno ndi pakamwa, ndipo pewani tsiku la mphepo. Musamusakanize ndi yureya kapena sulphate of ammonia: zikakumana, nayitirojeni amasanduka mpweya wa amoniya n'kuuluka, ndalama yanu n'kupita nawo. Dziwaninso kuti laimu salowa m'malo mwa feteleza. Amangotsegula njira kuti feteleza agwire.

Phulusa la nkhuni limathandizako padimba laling'ono, ndipo manyowa ndi mapesi okwiriridwa amachepetsa ukali wa aluminiyamu. Amene muli ndi tiyi m'malire mwa munda wa chimanga samalani kwambiri, laimu kapena phulusa lisafike m'mizere ya tiyi, ngakhale kudzera m'madzi othamanga. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu yezetsaninso musanathire wina, chifukwa laimu akapyola muyeso mbewu imayamba kusowa mchere wa zinki.