Momwe mungapangire bokosi la chisa losawotcha ana a mbalame kumadera ouma

Mitengo ikuluikulu ya mphako ikamatha kumadera ouma, anthu ena amakhoma mabokosi a matabwa m'mitengo kuti mbalame ziziikiramo mazira. Cholinga n'chabwino, koma bokosi lopangidwa mwachisawawa limasanduka ng'anjo masana. Mphako ya mtengo wamoyo imakhala ndi khoma lochindikala, lamadzi m'kati mwake, choncho imachedwa kutentha masana, imachedwanso kuzizira usiku. Thabwa lopyapyala silingachite zimenezi.

Dzira la mbalame limafuna kutentha kwa madigiri a Celsius pafupifupi 37 kapena 38. Kukafika pa 41 n'kukhalitsa, mwana amafera m'dziramo. Ku chipululu cha Kalahari, ofufuza a ku yunivesite ya Cape Town adatsatira mbalame za milomo ikuluikulu yachikasu zotchedwa hornbill kuyambira 2008 mpaka 2019. Yaikazi imadzimatira m'mphako n'kusiya kamng'alu kolandirira chakudya kwa yaimuna, ndiye kukatentha ilibe kothawira. Pa nyengo zimene avareji ya kutentha kwa masana inkafika pa madigiri 35.7 kapena kuposa, panalibe chisa n'chimodzi chomwe chimene chidatulutsa mwana wouluka.

Yambani ndi thabwa. Likhale lochindikala masentimita awiri kapena kuposerapo, losathiridwa mankhwala a chiswe. Malata ndi pulasitiki ayi ndithu. Mukapeza chipika chakugwa chokha chobooka kale m'kati, chimenecho n'chabwino kuposa matabwa onse.

Kenako denga, ndipo apa ndi pofunika kudekha chifukwa dzuwa la pamutu limamenya pamenepa. Khomani madenga awiri, lina pamwamba pa linzake, pakati pake musiye mpata wolowa zala ziwiri kuti mphepo izidutsa. Lapamwambalo lituluke mbali zonse ngati chipewa, mthunzi wake uzigwera pa makoma. Khoma loyang'ana kumadzulo mulichitenso chimodzimodzi ngati matabwa alipo. Kunja pakani penti yoyera, m'kati musapake kanthu. Ambiri amasankha penti yakuda kapena yobiriwira kwambiri kuti bokosi libisike, koma mitundu imeneyi imakoka kutentha.

Tsopano chinyezi, chimene ambiri timachiiwala. Dzira limapuma kudzera m'timabowo ta chigoba chake, ndipo pofika tsiku loswa limakhala litataya madzi okwana pafupifupi magawo 15 pa 100 aliwonse a kulemera kwake. Mpweya ukauma mopitirira, limataya ochuluka, kakhungu ka m'kati kamauma n'kumata mwana, mwanayo n'kulephera kutuluka. Ana oswa kale nawo amadziziziritsa popuma mwawefuwefu, kukamwa yasa, khosi likugunda, ndipo mpweya uliwonse ukutuluka ndi madzi. Sangapite kukamwa madzi. Madzi awo ali m'ziwala ndi mbozi zimene makolo abweretsa. Komanso bokosi lotsekeratu limadzaza nthunzi, ndiye kupuma kuja sikuziziritsanso thupi. Pofunika n'pakatikati: boolani timabowo tiwiri kapena titatu m'mbali, pafupi ndi denga, kuti mpweya wotentha uzituluka, koma kumunsi kumene kumakhala mazira musalole mphepo kuwomba. Pansi boolani tina ting'onoting'ono totulutsira madzi a mvula, muyalepo zopalapala za mtengo.

Pokhoma, pitani kumtengoko cha m'ma 3 koloko masana mukaone kumene mthunzi wagwera. Sankhani mtengo umene sukhetsa masamba pa nyengo yoswera, bokosi ligunde ku thunthu, khomo liyang'ane kum'mawa. Dzuwa la m'mawa silipweteka, lakumadzulo ndilo limapha.

Musanasiyire mbalame, yezani. Pali tizipangizo tating'ono ngati batani timene timalemba kutentha ndi chinyezi ola lililonse. Kamodzi kaikeni m'bokosi, kena mukapachike pamthunzi panja, ndipo pakatha sabata yotentha muyerekeze. M'kati mukamatentha kuposa pamthunzi ndi madigiri angapo, kapena mukamayandikira 40, tsitsani bokosilo, muonjezere mthunzi kapena mulisamutsire ku mtengo wina. Zonsezi muchitiretu nyengo yoikira mazira isanafike, chifukwa mbalame ikayamba kufungatira, kutsegulatsegula bokosi kungaichititse kuthawa mazira ake.