Kagwiritsidwe ntchito ka alumikizi m'Chingerezi

Ana anga a sukulu kuno ku Ulongwe, ku Mozambique, ndimawayambitsa ndi alumikizi atatu: and, but, or. Awa savuta, amayenda ngati "ndi", "koma", "kapena". Pekani chiganizo cha kumsika: "I sell potatoes and cabbages, but I don't sell onions." Basi.

Pofunika kudekha ndi pa although. Ife timati "ngakhale mvula inagwa, koma tinapitabe ku Dedza", ndipo m'Chichewa zili bwinobwino. Chingerezi sichilola alumikizi awiriwa m'chiganizo chimodzi chotere. Sankhani mmodzi: "Although it rained, we went to Dedza", kapena "It rained, but we went to Dedza." Chiganizo chikayamba ndi although, ikani mpatuliro pothera gawo loyambalo. Ndikamachonga makope, apa ndi pomwe cholembera chofiira chimagwira ntchito kwambiri, ndipo zimandipweteka chifukwa anawo amakhala ataganiza bwino.

Chinanso chimachokera ku Chipwitikizi, komwe porque imamveka pofunsa ndi poyankha pomwe. M'Chingerezi funsani ndi why, yankhani ndi because. Because amatchula chifukwa, so amatchula zotsatira: "I slept because I was tired", koma "I was tired, so I slept."