Momwe mungatsimikizire gulu lomwe linatulutsa fayilo ya anime musanalilembe pa AniDB

Mafayilo ambiri a anime (makatuni a ku Japan) omwe timaonera ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula amatipeza atadutsa kale m'mafoni angapo, pa memori khadi kapena pa Xender, ndipo pofika m'manja mwathu dzina lake limakhala litasinthidwa. Choncho amene akufuna kulemba pa AniDB, tsamba la pa intaneti losunga zambiri zokhudza anime ndi mafayilo ake, kuti mwa magulu otulutsa anime pa intaneti, gulu lakutilakuti ndilo linatulutsa fayiloyo ayenera kukhala ndi umboni woposa dzina lokha.

Choyamba yang'anani dzinalo. Magulu ambiri amaika dzina lawo kumayambiriro m'mabulaketi, ndipo kumapeto amaika zilembo ndi manambala zokwana 8 zotchedwa CRC32, monga 3F9A07C2, zomwe zimawerengedwa kuchokera ku zomwe zili mkati mwa fayilo. Werengetsani CRC32 ya fayilo yanu ndi pulogalamu ya 7-Zip. Zikasiyana ndi zomwe zili pa dzina, ndiye kuti fayiloyo inaonongeka pokopera kapena wina anaisintha. Zikafanana musakhutire msanga, chifukwa munthu wosintha fayilo angathenso kulemba CRC32 yatsopano pa dzina. Pitani pa tsamba la gululo, pezani pamene linalengeza gawo la anime lomwe lili mu fayilo yanu, ndipo muyerekeze nambala yanu ndi yomwe eni ake analemba.

Kenako dutsitsani fayiloyo mu AVDump, pulogalamu yowerengetsa zizindikiro za fayilo. AniDB imazindikira fayilo pogwiritsa ntchito ed2k hash (chizindikiro china chonga CRC32, chomwe AVDump imawerengetsa) pamodzi ndi kukula kwake, kotero ngati inalembetsedwa kale mudzaona gulu lake mukaifufuza pa AniDB. Mukatero tsegulani pulogalamu ya MediaInfo kuti muone zomwe zili mkati mwa fayiloyo ngati ili ya mtundu wa MKV, popeza magulu ena amalemba dzina lawo pa mzere wa mawu omasulira.

Pamene ambiri timaphonya ndi pa kusiyanitsa amene anagwira ntchito yanji. Kumasulira, kulunzanitsa mawu ndi nthawi, ndi kuchepetsa kanema ndi ntchito zosiyana. HorribleSubs, imodzi mwa magulu otulutsa anime, yomwe inatseka mu October 2020, inkatenga kanema ndi mawu omasulira kuchokera ku makampani ngati Crunchyroll, choncho kutulutsa fayilo kunali kwake koma kumasulira sikunali kwake. Chimodzimodzinso, mnyamata wa pamsika akachepetsa kanema kufika pa 480p (chithunzi chaching'ono) kuti ikwane mu foni, imeneyo ndi fayilo ina, ngakhale dzina la gulu loyamba litatsalabe pamwamba. Ine ndinalakwitsapo pamenepa: ndinayesa kulembetsa pa AniDB fayilo yomwe ndinaikopera pa shopu ina ku Nchalo, nditakhulupirira dzina lake, koma oyang'anira tsambalo anaikana chifukwa kukula kwake kunali kosakwana ngakhale theka la fayilo yeniyeni.

Pomaliza, potumiza pempho losintha zolembedwa, lomwe pa AniDB amalitcha creq, phatikizani linki ya chilengezo cha gululo ndipo mufotokoze zomwe mwayerekeza. Popeza masamba a magulu akale amatha kufa, fufuzaninso pa Wayback Machine, tsamba losunga makope a masamba akale a pa intaneti. Ngati kumenekonso simunapeze chilengezo, fayiloyo muilembe yopanda gulu, ndipo zomwe munaona pa dzina lake muziike mu ndemanga kuti wodzabwera pambuyo panu ayambire pamenepo.