Mukafika ku Porto, patulani tsiku limodzi mukaone Leça da Palmeira

Anthu ambiri akafika ku Porto, mzinda wa kumpoto kwa dziko la Portugal, amangozungulira m'kati mwa tauni, kujambulitsa pa mlatho wa Dom Luís I, kukwera n'kutsika timisewu totsetsereka tija mpaka miyendo kuwawa, kenako n'kubwerera osaiona n'komwe nyanja. Chonsecho Atlantic ili pomwepo. Kumpoto kwa mzindawu kuli kadera kotchedwa Leça da Palmeira, kali pansi pa khonsolo ya Matosinhos, kutsidya kwa mtsinje wa Leça, ndipo ine ndimalakalaka aliyense wopita ku Porto atakaonako. Ndi dera lokhala anthu basi, agogo akuyendetsa tiagalu tawo m'mawa, ana akupita ku sukulu, ena akuthamanga m'mbali mwa nyanja, palibe wokukokani malaya kuti mugule kanthu.

Koma ndinene chilungamo, tikati ndi kwabata sikuti kuli zii ngati kulibe anthu ayi. Pakamwa pa mtsinje wa Leça pali doko lalikulu la Leixões, makontena ali mbwee, malole akulowa akutuluka, komanso bwalo la ndege la Francisco Sá Carneiro silili patali ndiye ndege muziziona. Bata limayamba mukangodutsa dokolo n'kutulukira ku mchenga, kuyambira pamenepo chomwe mumamva kwambiri ndi mafunde ndi mbalame zakunyanja.

Chachikulu chomwe muyenera kukonza ndi nthawi, ndipo apa ndi pomwe tsiku limakomera kapena kuonongekera. Miyezi yotentha kumeneko ndi Juni mpaka Seputembala, ndipo nthawi imeneyi kumaomba mphepo yochokera kumpoto yomwe eni ake amaitcha nortada. M'mawa imakhala itagona, koma likangopendeka dzuwa imadzuka ndi mphamvu, kuulutsa mchenga kumaso, kuzizira ngakhale dzuwa likuwala bwinobwino. Ndiye inu pangani zakunyanja m'mawa, masana mulowe m'kati mwa dera komwe kuli mitengo, madzulo mudye nsomba. Masiku ena m'mawa mumapeza nkhungu yakuta gombe lonse moti nsanja ya nyale younikira sitima yomwe ili pagombepo simuiona, musabwerere, kawirikawiri imayera dzuwa likakwera. Mukatha kusankha, pitani pakati pa sabata, chifukwa Loweruka ndi Lamlungu la mu Julayi ndi Ogasiti anthu a ku Porto amakhamukira komweko ndipo bata lija limachepa. Meyi, koyambirira kwa Juni ndi kumapeto kwa Seputembala ndiye nthawi yomwe ine ndimaikonda. Nyengo yozizira kumagwa mvula yambiri ndipo mafunde amakhala oopsa, n'kokongolabe koma muzionera patali, osakwera pa miyala kapena pa khoma la doko kuti mujambule, funde limodzi limakokolola munthu.

Jekete yopepuka musaisiye ku hotela ngakhale kutacha kotentha. Nsapato zikhale zoyendera.

Kayendedwe n'kosavuta. Kwerani metro, sitima ya pa njanji ya m'tauni, ya laini A, yabuluu, yopita ku Senhor de Matosinhos, mutha kuikwerera pa Trindade kapena pa Bolhão, mukatsikire pa siteshoni ya Mercado. Ngati mukuchokera ku bwalo la ndege mumakwera laini E n'kukasintha pa Senhora da Hora kulowa laini A, simufunika kukafika m'tauni kaye ayi. Tiketi yake ndi khadi lotchedwa Andante, mumagula pa mashini a pa siteshoni n'kuikamo maulendo, mtengo umatengera mazoni omwe mudutse ndipo pa mashinipo pamakhala mndandanda wa masiteshoni wosonyeza zoni yoti mugule. Munthu aliyense khadi lake, simungagawane limodzi awiri. Tsono apa mvetsetsani: masiteshoni a metro ya ku Porto alibe zipata zotchinga, mumangolowa, ndiye mlendo amaganiza kuti kugula tiketi n'kokwanira. Ayi. Muyenera kugunditsa khadilo pa kamashini koima polowera musanakwere, ndipo mukamasintha laini mugunditsenso. Oyendera matiketi amakwera mosayembekezereka ndipo chindapusa chake n'chowawa, zoti ndinu mlendo sizikupulumutsani. Amene sakuthamangira akwere basi nambala 500 kuchokera ku Praça da Liberdade, imatsata mtsinje wa Douro mpaka pomwe umathira m'nyanja ku Foz, n'kupitiriza m'mbali mwa gombe mpaka ku Matosinhos pafupi ndi msika womwewo. Imachedwa kuposa metro koma zomwe mumaona pa windo n'zokwanira kulipirira ulendowo, khalani mbali ya kumanzere popita.

Mukatsika pa Mercado msika wa Matosinhos uli pomwepo, chinyumba choyera cha denga lokhota, lowanimo kaye muone nsomba zomwe zatuluka m'nyanja m'mawa umenewo. Lamlungu umakhala wotseka ndipo Lolemba nsomba zimakhala zochepa. Kuchokera apo mlatho wa Ponte Móvel mukuuona ndi maso, ndi umene umakuolotsani kupita ku Leça ndipo uli ndi njira ya oyenda pansi. Mlathowu umatseguka pakati, mbali ziwiri n'kuimirira m'mwamba kuti sitima yapamadzi idutse, ndiye mukapeza njira yoolokera yatsekedwa musadandaule, imani pamodzi ndi anzanu mudikire, kuona chisitima chikudutsa pafupi choncho ndi mbali ya ulendo womwewo. Kungoti ngati muli ndi ndege yoti mukwere tsiku limenelo muziwerengera kuti mlatho utha kukuchedwetsani.

Mukaoloka lunjikani kumadzulo, kunyanja. Mudutsa linga lakale la Nossa Senhora das Neves lomwe lidamangidwa m'zaka za m'ma 1600 kuti liziteteza gombe, kenako mutulukira pa msewu wa m'mbali mwa nyanja, Avenida da Liberdade, wotakasuka bwino, mbali ina nyumba zogona anthu mbali ina mchenga ndi miyala. Apa musathamange. Lowani mu kakhefi kalikonse muitanitse khofi ndi kabanzi, khofi wawo ndi kakapu kakang'ono kowawa bwino ndipo ambiri amamwa ataimirira pa kauntala, mukafuna wa mkaka mu tambula nenani galão.

Mukayenda mphindi 20 kapena kuposerapo pang'ono kuchokera pa mlatho mufika pa malo omwe kwa ine ndi mtima wa Leça, Piscina das Marés. Ndi maiwe awiri osambiramo, lina la akulu lina la ana, a madzi amchere a m'nyanja momwemo, omangidwa pakati pa miyala ya pagombe. Adajambula pulani yake ndi Álvaro Siza Vieira, mwana wa ku Matosinhos komweko, wobadwa mu 1933, yemwe adadzalandira mphoto ya Pritzker mu 1992, mphoto yaikulu kwambiri ya akatswiri ojambula mapulani a nyumba. Maiwewa adamalizidwa mu 1966 ndipo mu 2011 boma lidawaika m'gulu la zipilala za dziko. Chomwe chimandigwira mtima n'chakuti mukakhala pa msewu mutha kudutsa osazindikira kuti pali chinthu, munthuyu sadafune kutchinga nyanja ndi chinyumba, zonse adaziika m'munsi mwa msewu. Mumatsika kanjira kotsetsereka pakati pa makoma a simenti, kulowa m'zipinda zosinthira zovala zamdima za matabwa akuda, nyanja simukuiona koma mukuimva, kenako mwadzidzidzi mwatulukira poyera, kuwala kuli ngwee, dziwe lili apo ndipo m'mphepete mwake mukuoneka ngati mwalumikizana ndi nyanja yeniyeniyo. Pomwe mwala udakwanira kukhala khoma adausiya mwala, simenti adangoika pomwe pamafunikira. Ngakhale musakhale munthu wa zomangamanga mudzamva kuti apa padagwira ntchito munthu woganiza.

Amatsegula miyezi yotentha yokha ndipo polowa mumalipira, anthu akadzaza amaimitsa kaye ena panja, ndiye fikani m'mawa ndipo muone kaye masiku ndi maola pa intaneti musananyamuke. Tengani thaulo ndi mafuta oteteza ku dzuwa chifukwa mthunzi ndi wochepa.

Za madzi ndikuchenjezeni, ngozizira. Ngakhale mu Ogasiti amakhala cha m'ma digiri 17 kapena 18, mukalowa thupi limachita kudzidzimuka. Ngati mwasankha kusamba pa gombe osati mu dziwe, yang'anani mbendera. Yobiriwira mutha kusambira, yachikasu mungonyowetsa miyendo osasambira, yofiira musalowe n'komwe. Sambani pomwe pali opulumutsa anthu, ndipo akakuimbirani wezulo tulukani, nyanja imeneyi ili ndi madzi othamanga okokera munthu kuya ndipo siiona kuti mumadziwa kusambira. Pakachitika ngozi nambala ndi 112.

Pitirizani kumpoto ndi msewu womwewo. Kutsogolo kwanu muziona nsanja yoyera ya nyale younikira sitima, Farol de Leça, yotalika mamita 46, imodzi mwa zazitali kwambiri mu Portugal. Kuseri kwake, pa miyala, pali katchalitchi kakang'ono ka Boa Nova, ndipo pambali pake pali nyumba ina ya Siza yemweyo, Casa de Chá da Boa Nova, yomwe idamalizidwa mu 1963 iye ali ndi zaka 30 zokha. Ntchitoyi adampatsa ndi mphunzitsi wake Fernando Távora. Denga lake ndi lotsika, nyumbayo imachita ngati yabisala m'miyala. Lero muli lesitilanti ya wophika wotchuka Rui Paula yokhala ndi nyenyezi za Michelin, ulemu womwe amapatsa malesitilanti apamwamba, yodula zedi ndipo malo mumasungitsa kukadali masiku, koma kuionera panja n'kukhala pa masitepe a katchalitchi kaja n'kwaulere, ndipo kunena zoona pamenepo ndi pomwe ine ndingakuuzeni kuti mukhale nthawi yaitali kuposa pena paliponse. Foni ilowe m'thumba kaye.

Kupitirira apo kuli malo omwe padali fakitale yoyenga mafuta yomwe idasiya kugwira ntchito mu 2021, mbali imeneyo siyosangalatsa maso. Olimba miyendo akaipirira amapeza tinjira ta matabwa todutsa pamwamba pa milu ya mchenga, tomwe timatsata gombe kulowera ku Vila do Conde. Mukumana ndi anthu a zikwama kumsana atapachika chigoba cha nkhono, amenewo ali pa ulendo wa chipembedzo wopita ku Santiago de Compostela ku Spain, akutsata mivi yachikasu. Mukayenda ola limodzi kapena kuposerapo mufika pa chipilala cha Obelisco da Memória, chokumbutsa pomwe Dom Pedro adakocheza ndi asilikali ake mu Julayi 1832 popita kukalanda Porto pa nkhondo yolimbirana ufumu wa Portugal ndi m'bale wake Dom Miguel. Koma ngati muli ndi tsiku limodzi lokha musadzikakamize, bwererani pa nyale paja.

Mphepo ija ikayamba, lowani m'kati mwa dera mufunse njira ya ku Quinta da Conceição. Ndi paki ya mitengo ikuluikulu pamalo pomwe kale padali nyumba ya ansembe a chipani cha Francisco Woyera, zotsalira zake zina zikadalipo, ndipo adaikonza kukhala paki ndi Távora yemwe uja. Kulowa n'kwaulere, mabenchi alipo, mungathe kugona tulo pa udzu. Popita kumeneko mudutsa timisewu ta Leça wakale, nyumba zomatidwa matailosi kunja, zovala zitayanikidwa pa mawindo. Kumbukirani kuti awa ndi makomo a anthu, osaloza kamera m'mawindo kapena kujambula agogo atakhala pakhomo musanapemphe, ndipo mawu atsike. Mukalowa mu shopu perekani moni, bom dia m'mawa, boa tarde masana, pothokoza mwamuna amati obrigado mkazi obrigada. Timawu timeneti timafewetsa nkhope za anthu kwambiri, ndipo musawalankhule Chisipanishi poganiza kuti n'chimodzimodzi, bola Chingerezi, achinyamata ambiri amachimva.

Chakudya ndiye olokaninso mlatho mubwerere ku Matosinhos, msewu wa Rua Heróis de França, kumbuyo kwa doko la asodzi. Simusochera, utsi wa makala ukutsogolerani, chifukwa amaotchera nsomba panja pa khomo la lesitilanti. Sadini zimanona kuyambira Juni mpaka cha mu Seputembala, zimabwera ndi mbatata zowiritsa, tsabola wootcha ndi saladi. Nsomba zikuluzikulu ngati robalo nthawi zambiri amagulitsa pa kilo, ndiye funsani kulemera kwake ndi mtengo isanapite pa moto kuti bilu isakudzidzimutseni. Buledi, batala, maolivi kapena tchizi zomwe weta amabweretsa musanaitanitse si mphatso, mukadya mulipira, ngati simukuzifuna nenani mwaulemu azichotse, palibe amakwiya nazo. Nkhomaliro imayamba cha m'ma 12:30 mpaka 3 koloko, kenako makhitchini ambiri amatseka mpaka cha m'ma 7:30 madzulo, ndiye amene wamva njala 5 koloko angopeza sangweji ku khefi. Malo ena amapuma Lamlungu madzulo kapena Lolemba. Ndalama ndi yuro, khadi la ku banki limagwira malo ambiri koma timakhefi ting'onoting'ono nthawi zina timafuna kashi, sungani tindalama tachitsulo ndi timapepala tating'ono.

Ngati mungathe kugona ku Leça usiku umodzi m'malo mobwerera ku Porto, chitani, dzuwa limalowera m'nyanja moyang'anizana ndi msewu uja ndipo mu Juni limachedwa mpaka kudutsa 9 koloko usiku. Obwerera asade nkhawa, metro imayenda mpaka cha m'ma 1 koloko usiku, koma kukamada imabwera patalipatali, ndiye onani nthawi ya yomaliza pa siteshoni ya Mercado mukangofika m'mawa, ndipo ulendo wobwerera muuikiretu pa khadi lanu nthawi yomweyo kuti usiku musalimbane ndi mashini.